Masewero a Pakhomo ndi Maphunziro a Mwana ku Euthini

Ku Euthini, m'dera la Inkosi Chindi m'boma la Mzimba, mwana amakula akuyankhula Chitumbuka. Koma mu 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu. Lero mwanayu akalowa m'kalasi amakumana ndi Chingerezi ndi Chichewa, ziyankhulo zomwe sanazizolowere. M'nkhani ino ndifotokoza momwe masewero a pakhomo amamuthandizira mwana wotere.

Poyamba, masewero amaphunzitsa masamu. Mtsikana wosewera phada amatulutsa timiyala m'kadzenje n'kumatibweza kamodzikamodzi, kenaka tiwiritiwiri. Wosewera bawo, m'maenje 32 aja, amawerengeratu pomwe njere yomaliza idzagwere. Apa mwana waphunzira kuphatikiza ndi kuchotsera m'chiyankhulo chake.

Chachiwiri, nthano zamadzulo, zomwe m'Chitumbuka amati vidokoni, zimaphunzitsa kusanja mfundo. Ndili mwana, agogo ankatiuza kuti tibwereze nthano yomwe atisimbira, ndipo wodumpha gawo ankasekedwa. Luso limenelo ndi lomwe linandithandiza nditayamba kulemba chimangirizo.

Chachitatu, mwana woumba ng'ombe zadothi kubusa kapena wopanga galimoto yamawaya amalimbitsa zala zogwirira pensulo, komanso amaphunzira kuyeza kukula kwa zinthu.

Vuto ndi loti makolo ena amati kusewera n'kutaya nthawi. Mwana akaletsedwa, amataya malo amene amaganizira momasuka m'chiyankhulo chake. Ndi bwino kholo lizimufunsa kuti awerenge timiyala take kapena afotokoze chimene waumba. Paja akuluakulu anati mmera mpoyamba.