Batire la Galimoto ya Hybrid Likayamba Kufooka

M'zaka zapitazi galimoto zotchedwa hybrid zachuluka m'misewu ya m'boma lino. Zambiri ndi Toyota Aqua, Prius ndi Fielder, zogulidwa ku Japan zitagwirako kale ntchito, ndipo zochuluka zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pachipata cha Songwe. Anthu azikonda chifukwa sizimwa petulo wambiri, ndipo ena azisandutsa matakisi amene akudyetsa mabanja komanso kuthamangitsa odwala kuchipatala usiku. Koma galimotozi zimafika zitakula kale. Aqua inayamba kugulitsidwa ku Japan mu December 2011, ndipo Prius ya m'badwo wachitatu, yomwe ikuoneka kawirikawiri kuno, inatuluka mu 2009. Batire lalikulu la m'galimoto zoterezi limakalamba ndi zaka ngakhale galimoto isanayende mtunda wautali. Likafooka, mwini wake amakumana ndi bilu yokhoza kumeza phindu la miyezi yambiri, choncho n'kofunika kuti atsimikize kaye chimene chadwala asanatulutse ndalama.

Galimoto ya hybrid ili ndi mabatire awiri. Laling'ono ndi la ma volt 12, longa la galimoto ina iliyonse, koma ntchito yake ndi yosiyana: silizunguza injini, limangodzutsa makompyuta a galimoto ndi kulumikiza batire lalikulu. Lalikululo ndi limene limayendetsa mota yamagetsi, kuliza injini ya petulo, ndi kusunga mphamvu imene imabwerera dalaivala akaponda mabuleki. Ndi chifukwa chake Toyota ya hybrid siliza mochita kukankha, ngakhale anyamata a pasiteji atasonkhana khumi.

Batire laling'ono ndi limene limanamiza anthu ambiri. Likafooka, makompyuta amasokonezeka, nyali zochenjeza zimayaka mwachisawawa padashibodi, ndipo mawu akuti READY amakana kuoneka. Munthu wosadziwa amathamangira kunena kuti batire lalikulu lafa. Pamenepa pakufunika kachipangizo koyezera magetsi basi. Batire labwino, galimoto itagona usiku wonse, limaonetsa ma volt 12.4 mpaka 12.6 kapena kupitirira pang'ono, ndipo likatsika pansi pa 12 ndiye kuti latopa. Mu Prius ya 2003 mpaka 2015 batireli lili kubuti, mu Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo. Popeza limakhala m'kati momwe mumakhala anthu, lolowa m'malo mwake liyenera kukhala la mtundu wokhala ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja.

Kuti munthu amvetse kufooka kwa batire lalikulu, ayenera kudziwa kapangidwe kake. Si chinthu chimodzi chathunthu ayi. Mu Prius ya 2003 mpaka 2015 muli timabatire 28 tolumikizidwa motsatana, tomwe amakaniko amati ma module. Kalikonse kali ndi ma volt 7.2, ndipo tonse pamodzi timapereka ma volt 201.6. Mu Aqua muli 20, topereka ma volt 144. M'kati mwa module iliyonse muli tizipinda 6 ta ma volt 1.2. Kompyuta ya galimoto imayang'anira ma module awiriawiri, ngati ng'ombe zomangidwa pagoli limodzi: magoli 14 mu Prius, magoli 10 mu Aqua. Mlimi aliyense wa ngolo amadziwa kuti ng'ombe imodzi ikatopa, inzake yamphamvu siingaipulumutse, ngolo yonse imayenda paliwiro la yotopayo. N'chimodzimodzi ndi batireli. Kachipinda kamodzi kakafa, kompyuta imachepetsa ntchito ya batire lonse kuti iteteze otsalawo.

Zizindikiro zimayamba mwakachetechete. Petulo amene ankafikitsa galimoto kuboma n'kubwerera amayamba kuperewera. Injini imalira nthawi zonse, ngakhale pamalo pamene kale inkazima yokha, monga poima pamphambano. Chithunzi cha batire padashibodi chimadzaza m'kanthawi kochepa n'kutsikanso msangamsanga, monga ndowa yaing'ono imene sichedwa kudzaza komanso sichedwa kutha. Pachitunda galimoto imalemera. Kumpando wakumbuyo kumamveka kafani kakulira mwamphamvu osapumira. Pamapeto pake nyali yochenjeza imayaka, ndipo tsiku lina galimoto imakana kuliza.

Ngakhale zili choncho, zizindikiro si umboni wokwanira. Umboni umachokera pamakina owerengera kompyuta ya galimoto, amene amalumikizidwa pakabowo kotchedwa OBD2, pansi pa chiwongolero. Nambala yodziwika kwambiri ndi P0A80, imene imatanthauza kuti batire lalikulu lafika posinthidwa. Mu Prius manambala oyambira P3011 mpaka P3024 amaloza goli lenileni limene lafooka. Koma makaniko wodziwa ntchito saimira pa nambala yokha. Amayendetsa galimoto makina ali olumikizidwa, n'kumayang'ana magetsi a goli lililonse pokwera chitunda ndi poponda mabuleki, chifukwa module yodwala imaoneka yabwinobwino ikapuma, imadziulula ikapatsidwa katundu. Magoli onse akamatsika ndi kukwera limodzi, batire lidakali ndi moyo. Goli limodzi likamatsalira anzake ndi volt imodzi kapena kuposerapo, ndiye kuti m'menemo muli kachipinda kakufa. Mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuti aonetsedwe manambalawo ndi maso ake, ndipo garaja imene ikukana kutero n'kumangoti batire latha ndi yoyenera kuikayikira.

Ogula galimoto kwa anzawo asamalenso pamenepa. Nyali yochenjeza imatha kuzimitsidwa ndi makina omwewo, kapena pongochotsa waya wa batire laling'ono kwa kanthawi, ndipo imadzayakanso patapita masiku, ndalama zitasinthana kale manja. Dashibodi yoyera si chikalata cha umoyo wa batire.

Mdani wamkulu wa batireli ndi kutentha, ndipo apa m'pamene nyengo ndi misewu yakuno imalowerera. Batire limazizira ndi mpweya wa m'kati mwa galimoto, umene kafani kamakoka kudzera pakazenera kamene kali pafupi ndi mpando wakumbuyo. Pamisewu yafumbi, fumbi, tsitsi ndi ulusi wa zovala zimaunjikana pakazenerako ndi pamapiko a fani mpaka mpweya kulephera kudutsa. Patakisi vutoli limakula, pakuti thumba la chimanga, chikwama kapena chitenje cha wokwera chimatseka kazenerako ulendo wonse popanda wozindikira. Kuwonjezera apo dzuwa la mu October, makamaka kumadera a kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, batire limaphikika pang'onopang'ono, ndipo ma module a pakati, amene kutentha sikuwachoka msanga, ndi amene amayamba kufa. Kutsuka fani ndi kazenerako ndi ntchito yotsika mtengo, ndipo nthawi zina kumathetsa chenjezo limene linkaoneka ngati imfa ya batire. Dzimbiri la patizitsulo tamkuwa tolumikiza ma module nalonso limatha kusokoneza manambala, pamene ma module enieniwo alibe vuto.

Kusowa kwa mafuta kwabweretsa zizolowezi zina zowononga. Petulo akatha, galimoto imatha kukwawabe ndi magetsi okha kamtunda kakafupi, ndipo ena amaikakamiza kuti ifike pomwetsera mafuta. Batire likakhuthulidwa motero limalephera kuliza injini ngakhale petulo atathiridwa, ndipo kulidzutsa kumafuna tchaja chapadera chimene magaraja ambiri alibe. Pamzere wa mafuta, giya ikhale pa P, chifukwa ikakhala pa N injini siingathe kudzaza batire. Kuimika galimoto miyezi ingapo osailiza nakonso kumalifooketsa.

Zikatsimikizika kuti batire lafadi, funso limakhala la chogula. Njira yotsika mtengo ndi kusintha module yakufa yokhayo, ndipo imakopa chifukwa galimoto imadzuka tsiku lomwelo. Koma ma module onse anabadwa tsiku limodzi ndipo apirira kutentha kofanana. Imodzi ikafa, inzake ili m'njira, ndipo mwini galimoto amapezeka akubwerera kugaraja mobwerezabwereza, akulipira ntchito yomasula ndi kumanga ulendo uliwonse. Njirayi imathandiza munthu amene akufuna kugula nthawi akusonkhanitsa ndalama, ndipo imakhalitsako ngati module yolowayo yayezedwa kuti ifanane mphamvu ndi zinzake. Kuiika mosayeza n'kumanga ng'ombe yachilendo pagoli osaidziwa mayendedwe ake.

Batire lochotsedwa m'galimoto ina, kaya yangozi kaya yophwasulidwa ku Japan, ndi limene ambiri amagula. Ubwino wake umadalira zaka zake ndi nthawi imene lakhala pashelefu, zinthu zimene maso sangaone. Batire lokonzedwanso, lomwe ma module ake ayezedwa n'kusanjidwa, limaposa pamenepo ngati wokonzayo ndi wokhulupirika. Latsopano ndi lodula kuposa onse, koma kwa galimoto imene injini ndi thupi lake zidakali zolimba, makamaka yogwira ntchito tsiku ndi tsiku, ndi lokhalo limene limabwezeretsa zaka zambiri. Kwa galimoto imene yatha kale mbali zina, ndalamazo sizingabwerere. Chilichonse chimene wasankha, wogula apemphe risiti ndi chitsimikizo cholembedwa, chonena miyezi kapena makilomita, ndipo batire liyezedwe pamsewu litamangidwa, ndalama yomaliza isanaperekedwe. Eni a Honda Fit adziwe kuti galimoto yawo ili ndi kapangidwe kena, ndipo manambala a Toyota atchulidwa pano sakuikhudza.

Kusintha batire si ntchito yophunzirira pansi pa mtengo wa mango. Ma volt 201.6 sali kutali ndi ma volt 230 a magetsi a m'nyumba, ndipo amapha. Mawaya onse a mtundu wa lalanje m'galimoto ya hybrid ndi a magetsi amphamvuwo. Makaniko wophunzitsidwa amazimitsa galimoto, kuchotsa waya wa batire laling'ono, kuvala magolovesi a labala opirira ma volt 1,000, kuzula pulagi ya lalanje yodulira magetsi n'kuisunga m'thumba mwake kuti wina asaibwezere, kenako n'kudikira mphindi 10 kuti magetsi otsalira m'zipangizo athe. Ngakhale atatero amayeza kaye asanakhudze. Pulagiyo ikazulidwa, m'kati mwa batire mumakhalabe magetsi oopsa, ndipo sipanala, mphete kapena wotchi yachitsulo ikagunda malo awiri nthawi imodzi moto umathetheka. Batire la Prius limalemera makilogalamu pafupifupi 40, choncho ponyamula pamafunika anthu awiri.

Batire lakale lisatayidwe kudzala, kumtsinje kapena pamoto. M'kati mwake muli chitsulo cha nickel ndi mankhwala owotcha khungu ndi maso, ndipo ma module otayidwa pabwalo la garaja amakopa ana, amene amawatola ngati zidole. Ena amafuna kuwalumikiza ku sola yapanyumba, koma popanda kompyuta yoyang'anira kudzaza kwake amatupa ndi kuphulika. Ogulitsa mabatire okonzedwanso nthawi zambiri amalandira lakale n'kuchotserako mtengo, choncho ndi bwino kukambirana zimenezi pogula. Podikira kulibweza, batire lisungidwe pouma, pamthunzi, m'chipinda chokhoma, ndipo eni magaraja amene ali ndi mabatire ounjikana akaonane ndi ofesi yoona za chilengedwe kukhonsolo kuti awalangize kotaya koyenera.