Chifukwa Chake Mphaka wa Mitundu Itatu Amakhala Wamkazi

Amphaka ambiri a mumzinda wa Chipata, kaya ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika kapena m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe, sagulidwa m'sitolo ndipo alibe mapepala a mtundu. Munthu amapempha kamwana kwa mnansi n'kukalera kuti makoswe asathe chimanga ndi nsawa za m'nyumba. Palibe amene amasankhira mphaka wamkazi mwamuna. N'chifukwa chake mayi mmodzi amatha kuswa kamwana kakuda bii, kena kotuwa kamizeremizere, kena kofiirira, ndi kena kamawanga a mitundu itatu, tonse tsiku limodzi. Mitundu imeneyi siibwera mwachisawawa. Ili ndi malamulo ake, ndipo ena mwa malamulowo munthu angawatsimikize yekha pongoyang'ana amphaka a m'dera lake.

Kholo la mphaka wa pakhomo ndi vumbwe, amene asayansi amamutcha Felis lybica. Ndi yemwe uja amalowa m'khola la nkhuku usiku, ndipo akadalipo m'tchire la m'chigwa cha Luangwa. Anayamba kuyandikira anthu ulimi utayamba ku Middle East, pamene nkhokwe zinaitana makoswe, makoswe n'kuitana amphaka. Pa chilumba cha Cyprus panapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 mmene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Vumbwe ndi wotuwa mofiirira pang'ono, mizere yake imaonekera bwino m'miyendo ndi kumchira. Umenewo ndiwo mtundu woyambirira wa mphaka, ndipo ina yonse inadza pambuyo pake. Mpaka lero vumbwe ndi mphaka wa pakhomo amatha kuberekana akakumana kumalire a mudzi ndi tchire.

Ubweya umalandira utoto kuchokera ku maselo a m'khungu amene amapanga melanin. Melanin alipo wa mitundu iwiri yokha, wakuda wotchedwa eumelanin ndi wofiirira wotchedwa pheomelanin. Utoto woyera kulibe. Ubweya woyera ndi umene sunalandire utoto uliwonse. Zolamula kuti utoto uti upite pati ndi ma gene, tizigawo ta DNA timene mwana amatengera kwa makolo. Ma gene amakhala pa timikwamba totchedwa ma chromosome, ndipo mphaka ali nato 38, mwa ito 19 tochokera kwa mayi ndi 19 tochokera kwa bambo.

Kaubweya kamodzi ka mphaka wotuwa wamizere, munthu akakayang'anitsitsa padzuwa, sikakhala ka mtundu umodzi. Kunsonga n'kakuda, pakati n'kachikasu, m'munsi n'kakudanso. Imene imadula utoto m'zigawozigawo chotero ndi gene yotchedwa agouti. Ikakhala yosagwira ntchito, ubweya wonse umada kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, mphaka n'kukhala wakuda. Koma kuti zitero, mwana ayenera kulandira agouti yosagwira ntchitoyo kwa makolo onse awiri. Akalandira kwa mmodzi yekha amabadwa wamizere, kudako n'kubisala mwa iye. Choncho amphaka awiri amizere akhoza kubereka mwana wakuda popanda chodabwitsa chilichonse. Mizereyo sichoka kotheratu: kamwana kakuda kakagona padzuwa, nthawi zina imaoneka patalipatali m'nthiti. Palinso gene ina imene imasungunula utoto, kuda n'kusanduka kutuwa kwa phulusa, kufiirira n'kusanduka kuyezuka.

Nkhani yaikulu ili pa mtundu wofiirira. Mphaka wamkazi ali ndi ma chromosome awiri a X, pamene wamwamuna ali ndi X mmodzi ndi Y mmodzi. Gene yosankha pakati pa kufiirira ndi kuda imakhala pa X basi, pa Y palibe. Mphaka wamwamuna, pokhala ndi X mmodzi, amakhala wofiirira kapena wosafiirira, pakati palibe. Wamkazi akhoza kulandira X wofiirira kwa kholo limodzi ndi X wakuda kwa linalo. Zikatero amavala mitundu yonse iwiri.

Mmene zimenezi zimachitikira anazifotokoza mu 1961 ndi Mary Lyon, wasayansi wa ku Britain amene ankafufuza pa mbewa. Iye anaona kuti mwana wamkazi akadali kamluza m'mimba, selo lililonse limazimitsa X mmodzi n'kusiya winayo akugwira ntchito. Kuzimitsako kulibe dongosolo: selo ili lizimitsa wa mayi, loyandikana nalo lizimitsa wa bambo. Maselo onse obadwa kuchokera ku selo limodzi amatsatira zimene kholo lawo linasankha. Pamene panakula maselo a X wofiirira pamatuluka wanga lofiirira, pamene panakula a X wakuda pamatuluka wanga lakuda. Mphakayo akakhalanso ndi gene ya mawanga oyera, mitundu imakwana itatu. Zimenezi zimachitikanso mwa mayi aliyense wa anthu, kungoti mwa mphaka zimalembedwa poonekera.

Mphaka wamwamuna wa mitundu itatu amapezeka mwa apo ndi apo, ndipo chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi mmodzi pa amphaka 3,000 a mtundu umenewu. Ambiri mwa iwo anabadwa ndi X wowonjezera, n'kukhala XXY, ndipo sabereka. Kuti mawangawo sadalira DNA yokha kunaonekera bwino mu December 2001, pamene asayansi a pa yunivesite ya Texas A&M ku America anapanga mphaka woyamba kuchokera ku selo la mphaka wina. Mwini seloyo, Rainbow, anali wa mitundu itatu. Mwanayo, CC, anabadwa wamizere ndi woyera, wopanda wanga lofiirira ngakhale limodzi, DNA ili yomweyo.

Kwa zaka zoposa 60 akatswiri ankadziwa kuti gene ya kufiirira ili pa X koma osaipeza yeniyeniyo. Mu 2025 magulu awiri, lina la pa yunivesite ya Stanford lotsogozedwa ndi Greg Barsh ndi Christopher Kaelin, lina la pa yunivesite ya Kyushu ku Japan lotsogozedwa ndi Hiroyuki Sasaki, anasindikiza yankho lofanana m'magazini ya Current Biology. Amphaka ofiirira akusowa kachidutswa ka DNA mu gene yotchedwa ARHGAP36, ndipo kusowako kumachititsa maselo a utoto kupanga wofiirira m'malo mwa wakuda. Gawo la ndalama za kafukufuku wa ku Japan anasonkha ndi anthu wamba okonda amphaka.

Woweta amphaka ku Chadiza kapena ku Katete akhoza kulosera yekha. Mwamuna wofiirira akakwera wamkazi wakuda, ana aakazi onse amakhala ndi mawanga ofiirira ndi akuda, koma mwa ana aamuna palibe wofiirira. Mwana wamwamuna amatenga X kwa mayi yekha, kotero kufiirira kwake sikunena kanthu za bambo. Kuti wamkazi akhale wofiirira thupi lonse pafunika bambo wofiirira ndi mayi wokhala ndi kufiirirako. Zimenezi sizikumana kawirikawiri, n'chifukwa chake amphaka ofiirira ambiri ndi aamuna.

Kuyera kuli ndi njira yakeyake. Maselo a utoto amayambira chakumsana kwa kamluza n'kumafalikira kumimba ndi kumiyendo. Akalephera kufika paliponse, malo otsalawo amakhala oyera, ndipo n'chifukwa chake kuyera kumakonda pachifuwa, pamimba ndi kumapazi. Mphaka woyera mbee thupi lonse nthawi zambiri ali ndi gene yamphamvu imene imaphimba mitundu ina yonse, ndipo akhoza kubereka ana a mtundu umene iye sauonetsa. Maselo a utoto omwewo amafunikanso mkati mwa khutu. Amphaka oyera a maso obiriwira mwa mtambo ambiri amakhala ogontha, zimene Charles Darwin anazitchula kale m'buku lake la mu 1859.

Pa intaneti, amphaka ndi chuma cha anthu anthabwala. Tsamba la I Can Has Cheezburger linayamba mu 2007 ndi zithunzi za amphaka zolembedwa Chingerezi chothyokathyoka, ndipo Grumpy Cat, wa nkhope yokwinya, anatchuka mu 2012 mpaka kufa kwake mu 2019. Nthabwala zimene zimayenda pa Facebook ndi WhatsApp m'Zambia ndi m'Malawi zimakonda mutu wina, wa mwana wosafanana ndi bambo ake ndi kukayezetsa DNA. Chithunzi cha mphaka woyamwitsa ana a mitundu inayi chimalowa bwino m'nthabwala zotere. Mphakayo amamunena kuti ndi woyendayenda, kenaka chipongwecho chimamusiya n'kugwera amayi, ndipo mawu ake ambiri ndi osati n'kuwabwereza pamaso pa apongozi.

Pa mphaka, nthabwalayi ili ndi kachoonadi. Wamkazi akakhala pa nyengo yofuna mwamuna amalira usiku wonse padenga, ndipo mazira ake amatuluka chifukwa cha kukweredwa. Akakumana ndi amuna angapo m'masiku amenewo, ana a mimba imodzi akhoza kukhala a abambo osiyana, n'kubadwa onse patatha masiku pafupifupi 63 mpaka 65. Koma kusiyana mitundu pakokha si umboni. Mayi wa mitundu itatu ndi bambo mmodzi wamizere akhoza kutulutsa mwana wofiirira, wakuda, wamizere ndi wamawanga. Kwa anthu kuweruza ndi maso n'kosadalirika koposa, poti khungu la munthu limalamulidwa ndi ma gene ambirimbiri, ndipo mwana akhoza kutengera agogo amene palibe akuwakumbukira. Woseka amaiwala msanga, koma m'banja mmene muli kale kukayikirana nthabwala yotere imasiya bala.

Nthabwala ina yofala imati amphaka ofiirira ndi opusa, kuti onse amabwerekana ubongo umodzi. Ofufuza a ku California atafunsa anthu, anapeza kuti ambiri amaganiza kuti mphaka wofiirira ndi wochezeka ndipo wa mitundu itatu ndi wamakani. Amenewo anali maganizo a anthu, osati muyeso wa nzeru za mphaka. Ngati pali kusiyana, mbali ina ikhoza kuchokera poti ofiirira ambiri ndi aamuna, ndipo wamwamuna wosafulidwa ndiye woyendayenda ndi wandewu.

Amene amalipira kwambiri ndi mphaka wakuda. Kuno anthu ena amamuganizira zaufiti, makamaka akapezeka usiku pakhomo la eni kapena padenga la nyumba ya wodwala. Pa foni zimathera pa kuseka, koma m'mudzi mphakayo amagendedwa, ndipo nthawi zina chala chimaloza nkhalamba imene imamuweta. Lamulo la Zambia lotchedwa Witchcraft Act limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mphakayo kuda kwake kunachokera pa agouti yosagwira ntchito, ndipo kuyenda usiku ndi khalidwe la mphaka aliyense, kungoti wakuda amaoneka maso okha.

Pa ulimi ndi chisamaliro, mtundu wa ubweya umathandiza pa zinthu zochepa koma zenizeni. Kamwana ka mitundu itatu pafupifupi nthawi zonse n'kakakazi, choncho wokatenga adziwe kuti kakhoza kutenga mimba kasanakwanitse chaka, pokhapokha dokotala wa ziweto atakatseka. Mphaka woyera wosatembenuka akaitanidwa mwina samva, ndipo safunika kumayendayenda pafupi ndi msewu. Makutu ndi mphuno zoyera zimapsa ndi dzuwa la mu October, ndipo zilonda zosapola pamenepo zikhoza kukhala khansa ya pakhungu. Chiwewe chokha sichisankha mtundu. Mphaka aliyense akhoza kuchitenga kwa galu kapena nyama ya m'tchire n'kupatsira munthu pomuluma, kotero katemera wa ku ofesi ya zaziweto amafunika kwa amphaka monga mmene amafunikira kwa agalu.