M'bale Wathu Wamangidwa: Tikafunse Kuti?

Kawirikawiri uthenga umafika kumudzi madzulo. Wina wochokera ku Boma amangoti, "Mwana wanu uja apolisi amutenga pamsika." Walakwanji, ali kuti tsopano, wadya kapena ayi, palibe akudziwa. M'mawa mwake mayi amaphika nsima, nakwera matola kuchokera ku Bolero kapena ku Mhuju, koma akafika pa Rumphi Boma amaima chapatali ndi geti la polisi, kuopa kuti akafunsa kwambiri nawonso awatsekera.

Mantha amenewa tikudziwa kumene anachokera. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira kuti munthu ankatengedwa usiku, osaonekera kubwalo la milandu, ndipo abale ake ankaopa ngakhale kutchula dzina lake. A Chakufwa Chihana, mwana wa m'boma lathu lino, anakhala m'ndende zaka za m'ma 1970 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anamangidwanso pa 6 Epulo 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe. Mwezi umodzi izi zisanachitike, pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi athu munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene, mwa zina, inadandaula za anthu osungidwa m'ndende osadziwa tsiku la mlandu wawo. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anathetsa mchitidwe umenewu. Chimene chatsala n'chakuti ambiri a ife sitikudziwa njira yofunsira.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko likuti munthu womangidwa auzidwe msanga chifukwa chimene wamangidwira, m'chilankhulo chimene iye amamva. Choncho ngati m'bale wathu amamva Chitumbuka chokha, auzidwe m'Chitumbuka. Gawo lomwelo likuti apatsidwe mwayi wolankhulana ndi kuchezeredwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, achibale, mlangizi wa chipembedzo, dokotala ndiponso loya. Likutinso atengeredwe kubwalo la milandu pasanathe maola 48 chimangidwireni.

Maola 48 amenewa tiwamvetse bwino, pakuti ndi pamene pamakhala mikangano yambiri. Womangidwa Lolemba m'mawa ayenera kukhala ataonekera kubwalo pofika Lachitatu m'mawa. Koma womangidwa Lachisanu masana, maola ake amatha Lamulungu, tsiku limene bwalo siligwira ntchito. Ndiye ayenera kuonekera Lolemba. Si chilungamo kukalipira apolisi Loweruka kuti aphwanya lamulo, komanso si chilungamo kuti munthu wa Lachisanu uja afike Lachinayi akadali m'chitokosi.

Poyamba ndi kupolisi

Pa polisi iliyonse pali buku lalikulu limene apolisi amalitcha OB, momwe amalemba zonse zochitika pa tsikulo ndi nthawi yake. Munthu wolowetsedwa m'chitokosi amalembedwa dzina, mlandu umene akumuganizira, tsiku ndi nthawi, ndiponso katundu amene wamulanda pomutsekera, monga foni, lamba ndi ndalama. Tamva kuti m'maiko ena, monga ku America, maina a anthu otsekeredwa amaikidwa pa intaneti kuti aliyense aone. Kwathu kuno nkhani ili m'mabuku, ndipo wofuna kudziwa ayenera kupita yekha.

Musayembekeze kuti akupatsani bukulo m'manja kuti muwerenge, chifukwa muli maina a anthu ena ndi nkhani zimene zikufufuzidwa. Koma mukhoza kupempha wapolisi wa pakauntala kuti ayang'ane ndi kukuuzani ngati m'bale wanu ali pamenepo. Nenani dzina lake lonse, ndi maina ena amene amadziwika nawo, pakuti achinyamata athu ambiri amatchula dzina lina kusukulu, lina pamsika. Nenaninso mudzi, mfumu yaikulu, tsiku ndi malo amene anagwidwira. Tengani chiphaso chanu cha unzika.

Akakuuzani kuti alipo, funsani mwaulemu mlandu wake, nambala ya mlanduwo, dzina la wapolisi amene akufufuza, ndi tsiku lopita kubwalo. Zonsezi lembani m'kope pomwepo. Ife aphunzitsi timanyozedwa kuti chilichonse timati "lembani", koma nambala ya mlandu ndiyo imene idzakuthandizeni kubwalo ndi kundende, kumene anthu a dzina lofanana amakhala ambiri. A Gondwe, a Msiska ndi a Mhango m'boma lino ndi angati?

Akakuuzani kuti palibe, musabwerere kumudzi. Funsani ngati watumizidwa kwina. Mayi wina wa mumphakati mwathu anayenda masiku anayi kufunafuna mwana wake. Pa polisi ina anangouzidwa kuti "kulibe", naye n'kuopa kufunsanso, pamene mwanayo anali atatengeredwa kale kubwalo n'kutumizidwa kundende. Funso limodzi lokha likadawapulumutsa ndalama za matola ndi masiku osagona.

Za belo

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Izi tikunena mobwerezabwereza chifukwa mabanja ambiri agulitsa mbuzi ndi fodya wosapsa kuti "atulutse" munthu, ndalama n'kupita m'thumba la wina. Chimene apolisi amafuna ndi anthu odalirika omuimira, olonjeza kuti adzabwera naye pa tsiku loikidwa. Belo ya kubwalo ndi yosiyana: woweruza akhoza kulamula kuti paperekedwe ndalama, koma ndalamayo imalipiridwa ku ofesi ya bwalo ndipo mumalandira lisiti ya boma. Sungani lisiti imeneyo. Pa mlandu wakupha, belo imaperekedwa ndi bwalo lalikulu lokha, ndipo kwa ife lapafupi lili ku Mzuzu.

Kubwalo ndi kundende

Woweruza akapanda kupereka belo, amasaina chikalata chotumiza munthuyo ku rimandi. Ndende siyenera kulandira munthu popanda chikalata chotere, ndipo pa chikalatacho pamakhala tsiku lodzabwereranso kubwalo. Choncho munthu akachoka kupolisi pali malo awiri ofunsako: kwa kalaliki wa bwalo la majisitireti, amene ali ndi kaundula wa milandu, ndi pa geti la ndende ya Rumphi, kumene aliyense wolowa amalembedwa. Ena amasamutsidwa kupita ku ndende ya Mzuzu kapena kwina, ndipo kusamutsako kumalembedwanso. Mukafika funsani masiku ndi nthawi zochezera, ndi malamulo a chakudya chochokera kunyumba.

Vuto lalikulu la rimandi ndi kuiwalika. Fayilo ikasowa, kapena wofufuza akasamutsidwa, munthu amatha miyezi osaitanidwa, iye n'kumaganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Pofuna kuthetsa zimenezi, m'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inaika malire a nthawi yosungira munthu mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu yozengedwa ndi majisitireti, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwirira ndi kuba moopseza. Bwalo likhoza kuwonjezera masiku osapitirira 30 ngati lapemphedwa. Malirewa nthawi zambiri sasungidwa, n'chifukwa chake masiku a m'kope lanu aja ali ofunika. Wa m'ndende alibe kalendala, ndipo sangapite yekha kukakumbutsa kalaliki.

Amene angathandize ndi a Legal Aid Bureau, maloya a boma othandiza anthu osauka, amene ali ndi ofesi ku Mzuzu. Palinso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene kuyambira chaka cha 2000 akhala akuyendera ndende ndi kuthandiza oiwalika kuti milandu yawo imvedwe.

Nanga akakana kutiuza?

Pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo kapena wa ndendeyo. Nkhani zambiri zimathera pamenepa. Zikapanda kutheka, lembani kalata ndi kusunga ina yofanana nayo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene linakhazikitsidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2020, likuti ofesi ya boma iyankhe pempho lolembedwa pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ngakhale kuti limalola kubisa zimene zingasokoneze kafukufuku kapena zinsinsi za munthu wina. Kunena zoona, kwa munthu amene ali m'chitokosi masiku 15 ndi ambiri. Njira imeneyi ndi yothandiza pofuna umboni wa zimene zinachitika kale. Ngati munthu wasungidwa mosatsata lamulo, kapena sakuoneka kumene ali, loya akhoza kupempha bwalo lalikulu kuti lilamule kuti abweretsedwe pamaso pa woweruza. Madandaulo okhudza apolisi amapita ku bungwe loima palokha lomva madandaulo otere, limene linachokera mu lamulo la apolisi la 2010, kapena ku bungwe la boma loona za ufulu wa anthu.

Womangidwayo akakhala mwana wosakwana zaka 18, apolisi ndiwo ayenera kudziwitsa makolo kapena womulera, ndipo mwanayo asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu. Tengani umboni wa zaka zake, kaya buku la kusikelo, kalata ya kusukulu kapena ya ubatizo.

Pomaliza, musapite nokha. Pemphani mmodzi wa mumphakati wodziwa kulemba kuti akuperekezeni, wina azifunsa wina azilemba. Kopelo likhale ndi munthu mmodzi pabanja, ndipo aliyense wokaona m'bale wathuyo azilembamo tsiku limene wapita, kumene wamupeza, ndi tsiku lotsatira la kubwalo.