Gawo la gawo: kawerengedwe ka ndalama zachitukuko

Mikangano ina pamisonkhano ya makomiti achitukuko gwero lake limakhala masamu. Mwachitsanzo, wodi yalandira K18,000,000. Komiti yagwirizana kuti 3/4 ya ndalamazi ipite ku ntchito za madzi, ndipo 2/9 ya ndalama za madzizo ikonzetsere mijigo. Munthu akangomva 2/9 angayembekezere K4,000,000, poganiza kuti gawoli likuchokera m'thumba lonse. Chikhalirecho ili ndi gawo la gawo, ndipo limapezeka pochulukitsa 3/4 × 2/9.

Nambala zapamwamba zimachulukitsidwa pazokha, zapansi pazokhanso, ndipo yankho ndi 6/36. Popeza 6 amalowa m'nambala zonse ziwirizi popanda yotsala, gawoli limafupikitsidwa n'kukhala 1/6.

Njira yachidule ndiyo kufupikitsa kaye. Nambala 3 yapamwamba ndi 9 yapansi zikagawidwa ndi 3 zimasanduka 1 ndi 3. Nazo 2 ndi 4 zikagawidwa ndi 2 zimasanduka 1 ndi 2. Zotsala ndi 1/2 × 1/3, yomwe ndi 1/6 yomweyo.

Choncho mijigo ilandira K3,000,000. Kusiyana kwa K1,000,000 kungaipitse mbiri ya msungichuma wosalakwa. Nzika ikamva gawo likutchulidwa, iyambe yafunsa kuti, “Ndi gawo la ndalama ziti?”