Mtolankhani wa ku Dedza, gwira buku la malamulo

Ndikamamvera nkhani za kupolisi pa wailesi za m'madera, chimene chimandivuta ndi mawu akuti "wakuba wagwidwa". Wamuweruza ndani? Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, omwe tidayamba kuwatsata mu 1994, limati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mtolankhani wodziwa izi sangolemba zimene mneneri wa polisi wamuuza. Amafunsanso kuti woganiziridwayo wagona m'chitokosi masiku angati.

Kuno ku Dedza nkhani yodziwa malamuloyi ili pakhomo penipeni. Inkosi Theresa Kachindamoto adatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakuluwo kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Komabe ena amalemba kuti mtsikana wa zaka 16 "wakwatiwa", ngati kuti ndi chikondwerero. Ukwati wotere ndi mlandu, ndipo dzina la mwanayo lisatuluke.

Gawo 36 la malamulo aakuluwo limateteza atolankhani, gawo 37 limapereka ufulu wopeza uthenga. Lamulo lake la Access to Information lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo limayang'aniridwa ndi Malawi Human Rights Commission. Mmene ndalama za mlatho wa ku Bembeke kapena Linthipe zayendera, ukhoza kufunsa kukhonsolo polemba kalata.

A bungwe la atolankhani la MISA Malawi, maphunziro a malamulo otere asamathere m'mahotela a ku Lilongwe. Akwere phiri, afike kuno.