Mwana akagwa mu mtengo wa mango

Mango akayamba kupsa, zipatala za m'Malawi zimalandira ana ambiri otupa chigongono. Mwana akamagwa mu mtengo amatsogoza dzanja, ndipo fupa la mkono limathyokera pamwamba penipeni pa chigongono, pomwe ndi lopyapyala. Zimachitika kwambiri kwa ana a zaka 5 mpaka 7.

Dokotala sathamangira kujambula. Amayamba wagwira pamfundo ya dzanja kuti amve ngati magazi akugunda, n'kuona ngati zala zili zofunda. Kenako amauza mwanayo kuti akumanitse nsonga ya chala chachikulu ndi ya chamkombaphala. Zikakanika, ndiye kuti mtsempha woyendetsa zala wavulala.

Fupa likangosweka osasuntha, chikhakha chimakwanira. Likasuntha, pamafunika opaleshoni: mwana amagonekedwa tulo, fupa limabwezeredwa m'malo mwake, n'kulibaya ndi timawaya tiwiri kapena titatu tomwe amatizula pakatha milungu itatu kapena inayi.

Choopsa kwambiri ndi kumanga mkonowo mothina kunyumba. Magazi akatsekeka kwa maola ochepa chabe, minofu imafa, ndipo zala zimapindika mpaka kalekale. Mwana wotupa chigongono apite kuchipatala tsiku lomwelo.