Wiese: Dzina la Chijeremani Lotanthauza Dambo

Mukafika ku Lisasadzi n'kufunsa kwawo kwa munthu, kawirikawiri sakupatsani nambala ya nyumba. Amangoti, "Pitani kwa aja a kudambo, kuseri kwa zigafa za fodya." Ku Germany, kulondolerana kotere ndiko kunabala maina a mabanja ambiri. Limodzi mwa mainawo ndi Wiese, ndipo linafika mpaka kwa Angoni a Mpezeni.

Tanthauzo lake

Dzinali amalitchula kuti "Viize", chifukwa m'Chijeremani chilembo cha W chimamveka ngati V. Wiese ndi malo a msipu, kumene amamweta udzu wa ziweto. Kwathu kuno tingati dambo. Munthu amene anamanga nyumba pafupi ndi malo otere ankamutchula ndi mawu amenewa, ndipo ana ndi zidzukulu anatengera. Maina a Wieser ndi Wiesner ndi mphukira za tsinde lomweli. Kumpoto kwa dzikolo, mabanja ena analitenga ku mawu ofanana nalo otanthauza wanzeru. Choncho si onse a Wiese amene ali pachibale.

Chifukwa chake anayamba maina a mabanja

Kale Mjeremani ankakhala ndi dzina limodzi basi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1100, matauni atayamba kukula, a Hans ndi a Heinrich anachuluka moti olemba misonkho ndi ngongole ankasokonezeka. Anayamba kuwonjezera dzina lachiwiri. Ena analitenga ku ntchito: Müller ndi wachigayo, Schmidt ndi wosula zitsulo, Fischer ndi msodzi. Ena analitenga ku maonekedwe: Klein ndi wamng'ono, Lange ndi wamtali. Enanso ku malo okhala: Bach ndi kamtsinje, Berg ndi phiri. Boma litayamba kulemba m'kaundula ana obadwa, maukwati ndi maliro m'dziko lonselo mu 1876, maina amenewa anakhazikika.

Kodi n'chimodzimodzi ndi mfunda?

A Berg ndi a Phiri akadakumana, akanaseka kuti dzina lawo ndi limodzi. Koma pali kusiyana. Mfunda wa Achewa, monga Phiri, Banda kapena Mwale, umasonkhanitsa anthu ambiri amene amaonana ngati abale, ndipo pamwambo wakale mwana ankawerengedwa kuchikazi. Kwa Ajeremani dzina linkayenda kuchimuna, ndipo a Wiese awiri ochokera m'midzi yosiyana analibe chowamanga pamodzi.

Carl Wiese kwa Mpezeni

M'zaka za m'ma 1880, Mjeremani wina wogula minyanga ya njovu, Carl Wiese, ankachita malonda ake kuchokera ku Tete. Anapalana ubwenzi ndi Inkosi Mpezeni, m'dera limene lero ndi Chipata. Kuyambira 1888 mpaka 1891 anatsogolera ulendo wa boma la Apwitikizi kupita kumeneko, ndipo anabwerako ndi chikalata chonena kuti Mpezeni wamupatsa ufulu pa nthaka ndi miyala ya mtengo wapatali.

Chikalatacho chinagulitsidwa, n'kukathera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inatenga dera la masikweya mailosi 10,000 poganiza kuti muli golide. Angoni, makamaka Nsingu mwana wa Mpezeni, sanakondwe ndi azungu a kampaniyo. Chakumapeto kwa 1897 kunamveka kuti Wiese ndi anzake ali pangozi, ndipo mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera kuno kwathu anakathira nkhondo Angoni. Nsingu anaphedwa ndi mfuti, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Apa n'kuti patangopita zaka ziwiri kuchokera pamene Angerezi anagonjetsa Mwase Kasungu, mu Disembala 1895.

Golide wochuluka uja sanapezeke. Chimene chinatsala ndi nthaka, ndipo azungu anatsegulapo minda ya fodya kuzungulira Fort Jameson (Chipata wa lero), pamene eni ake anakankhidwira m'malo opanikizana. Munthu wa dzina lotanthauza dambo anakhala chiyambi cha kulandidwa kwa madambo a anzake.

Dzinali lero

Ku South Africa kulinso mabanja a Wiese. Ajeremani ambiri anafika ku Cape m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 ngati asilikali ndi antchito a kampani ya Adatchi, ndipo maina awo analowa pakati pa Mabunu. Wodziwika kwambiri ndi Christo Wiese, mpondamatiki amene kwa zaka zambiri anatsogolera PEP ndi Shoprite, masitolo amene Amalawi ambiri anagulamo.

Dzina limayenda kuposa mwini wake, ndipo likafika kutali tanthauzo limatsalira m'mbuyo. Ngati agogo anu akadali moyo, afunseni kumene dzina lanu linachokera, ndipo mulembe zimene akuuzeni.